Ziro ziwiri zinazo zachokera kuti?

Funso: Aphunzitsi, tinapatsidwa samu yoti tisinthe 3 m² kukhala cm². Ine ndinalemba 300 cm² poti mita imodzi ndi masentimita 100, koma ndinalakwa. Akuti yankho ndi 30,000 cm². Nanga ziro ziwiri zinazo zachokera kuti?
Wophunzira wa Fomu 2

Yankho: Mwanawe, 100 amene unalowezayo ndi woona, koma amagwira ntchito poyeza utali basi, wa mzere umodzi. Sikweya mita ili ndi mbali ziwiri zoyeza, mulitali ndi mulifupi, ndipo iwe unasintha mbali imodzi yokha.

Tenga choko ndi rula, ujambule pansi sikweya ya mita imodzi mbali iliyonse. Ndikunena kujambula kwenikweni, osangoganiza m'mutu. Kenako yerekeza kuti ukuyalamo timasikweya ta sentimita imodzi. Mzere woyamba tilowamo 100. Kuti malo onse adzaze, mizere yotereyi ikufunika 100. Ndiye 100 kuchulukitsa ndi 100, timasikweya 10,000. Masikweya mita atatu akupatsa 30,000. Ka 2 kali pamwamba pa m kaja kakukuuza kuti uchulukitse ndi 100 kawiri. Kakakhala ka 3, uchulukitse katatu: 1 m³ ndi 1,000,000 cm³, omwe ndi malita 1,000 poti lita imodzi ndi 1,000 cm³.

Ana ena amaloweza kuti "onjezera ziro zinayi". Ine njira imeneyi sindiikonda ngakhale pang'ono, chifukwa funso likangosintha mwana amagwa. Kuchoka pa cm² kupita pa mm² ziro ndi ziwiri zokha, pamene kuchoka pa km² kupita pa m² ndi zisanu ndi imodzi. Uziyamba wasintha mbali, kuchulukitsa kubwere pambuyo. Chipinda cha 2 m mulitali ndi 1.5 m mulifupi ndi 3 m². M'masentimita mbalizo ndi 200 ndi 150, ndipo ukachulukitsa 30,000 uja watulukanso.

Chinanso, uzilemba yuniti pa mzere uliwonse wa samu yako, osati pa yankho pokha. Mu 1999 NASA, bungwe la ku America lofufuza zamlengalenga, linataya chombo chopita ku pulaneti ya Mars chotchedwa Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina linawerengera mphamvu m'yuniti ya mapaundi pamene anzawo ankayembekezera yuniti ina, ya manyutoni.

Tsopano yesa iyi wekha: hekitala imodzi ndi sikweya ya mamita 100 mbali iliyonse. Mu 1 km² muli mahekitala angati?