Kodi n'kulakwa kuuza Mulungu kuti "ndionetseni"?

Mbale wina wandilembera imelo. Mayi ake anagwa ndi sitiroko, iye wasala kudya, wakwera kuphiri, koma mayi sakulankhulabe. Ndiye wauza Mulungu kuti akapanda kuwadzutsa chaka chino, za tchalitchi zathera pomwepo. Funso lake n'lakuti, kodi walakwa kupempha chozizwitsa kuti adziwe ngati Mulungu alikodi?

Achimwene, pepani ndi matendawa. Funso lanu landikhudza pachilonda, ndiye mundipirire, ndiyamba ndi azakhali anga.

Azakhali anali ndi matenda a shuga. M'mawa uliwonse ankadzibaya okha jakisoni pantchafu, ndipo kabotolo ka insulin kankakhala mumphika wadothi, pamchenga wonyowa, poti kumudzi filiji kulibe. Anali mayi wamvano weniweni: Lachinayi lililonse duku loyera lili pamutu, maliro akagwa iwo ndiwo oyamba kufika pasiwa ndi kamtolo ka nkhuni. Kenako pamsika pathu panamangidwa tenti, jenereta ikulira usiku wonse, mneneri akutchula mayina a anthu ndi matenda awo. Anawauza kuti jakisoniyo ndi umboni wa kukayika. Anagulitsa mbuzi, nagula kabotolo ka mafuta odzozedwa, nachitira umboni kutsogolo kuti achira, amayi anzawo akuimba nthungululu. Kachilonda ka kuphazi katakana kupola, kuchipatala anadula mwendo. Uthenga umene unachokera kutenti unali woti chikhulupiriro chawo chinachepa. Chinachepa? Mayi amene anataya mankhwala owasunga ndi moyo chifukwa chomvera?

N'chifukwa chake nkhani ya zozizwitsa imandiwiritsa magazi. Ludzu limeneli silinayambe lero. Mu 1995, Edzi ikututa anthu, khwimbi linakhamukira ku Machinga, kufupi ndi Liwonde, kukamwa mchape wa Billy Chisupe, amene ankati anauzidwa mankhwalawo kumaloto. Ambiri mwa iwo Lamlungu anali m'tchalitchi. Mu 2016 m'busa wina ku Limpopo, ku South Africa, ankapopera anthu Doom kumaso, pambuyo pake khoti linamupeza wolakwa. Mu 2019 tonse tinaonera pa WhatsApp kanema wa ku Johannesburg, m'busa Alph Lukau "akuukitsa" bambo wovala suti yoyera m'bokosi, kenako makampani osunga maliro n'kunena kuti ananamizidwa. Pamene pali ogula, ogulitsa sasowa.

Apa ndiima nganganga: chozizwitsa sichibala chikhulupiriro. Baibulo lomwe limaonetsa zimenezi mosabisa. Aisraeli anaoloka nyanja pouma, anadya mana m'mawa uliwonse, koma Mose atachedwa paphiri anasungunula ndolo n'kupanga mwana wang'ombe. Pa Yohane 6 Yesu atadyetsa anthu 5,000, m'mawa mwake omwewo akumufunsa kuti achite chizindikiro chanji kuti amukhulupirire. Mkate usanagayike n'komwe! Lazaro atatuluka m'manda, ansembe aakulu sanagwade, anapangana zoti amuphe iyeyonso. Werengani Yohane 12:10. Ndipo Herode, amene analakalaka kuona Yesu akuchita kanthu kodabwitsa, Yesu sanamuyankhe ngakhale liwu limodzi. Mtima wofuna umboni uli ngati dengu, ungathire madzi tsiku lonse koma sudzaza.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti Mulungu sachiritsa. Ndimakhulupirira kuti amachiritsa. Koma onani mmene ngakhale Akatolika amasamalira pa nkhaniyi. Ku Lourdes, ku France, anthu mamiliyoni akhala akupitako kuyambira 1858, ndipo madokotala amafufuza aliyense wonena kuti wachira, mwina kwa zaka. Zimene mpingo wavomereza kuti ndi zozizwitsa sizinafike 100. Tenti ya pamsika pathu inkapitirira pamenepo usiku umodzi wokha.

Ndiye pali Paulo, amene alaliki a pa TV amamudumpha mwadala. Munthu amene nsalu zokhudza thupi lake zinkachiritsa odwala ku Efeso anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, n'kuuzidwa kuti chisomo chimukwanira. Mnzake Trofimo anamusiya akudwala ku Mileto. Timoteo anamulangiza kumwa vinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba. Bwanji sanangowasanjika manja? Kodi nayenso chikhulupiriro chinamuchepera? Yohane Mbatizi ali m'ndende anatuma ophunzira kukafunsa ngati Yesu ndi Mesiya yemwe uja ankamuyembekezera, Yesu n'kuyankha kuti akhungu akuona, opunduka akuyenda, koma chitseko cha ndende sichinatseguke.

Nanga inuyo mutani?

Kulirira Mulungu si tchimo, Masalimo adzaza ndi anthu ofunsa kuti "mpaka liti?" Ngakhale Tomasi anaonetsedwa mabala, sanathamangitsidwe. Chimene ndikukana ndi kumuikira Mulungu tsiku lomaliza ngati wangongole. Pemphererani machiritso, koma tsikulo lifufuteni.

Mankhwala a BP mayi asawasiye, kaya wanena ndani. Muziwatembenuza pakapita maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, ndipo funsani kuchipatala za mafizo ndi zowathandiza kuyambanso kulankhula. Wina akatchula mtengo wa pemphero, nyamulani chikwama muzipita, ndalamazo mukagulire matewera ndi sopo.