Mwana akupita ku Malaysia: kodi Chingerezi chokha chimukwanira?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wawo wapeza malo pa yunivesite ina ku Kuala Lumpur, ndiye akufunsa ngati ayambe kaye waphunzira Chimalay kapena angonyamuka ndi Chingerezi chake cha ku sekondale.

Mayi, za m'kalasi musade nazo nkhawa. Mayunivesite ambiri omwe si aboma kumeneko amaphunzitsa m'Chingerezi, ngakhale alendo amawapatsa kaphunziro ka Chimalay choyambira. Nkhani ili kunja kwa geti. Pa malo odyera a amwenye achisilamu, otchedwa mamak, adzamva munthu akuti "Boss, tapau satu": liwu loyamba n'lachingerezi, lachiwiri lachitchaina lotanthauza kukulunga chakudya kuti ukadyere kunyumba, lachitatu ndi "chimodzi" m'Chimalay. Eni ake amati bahasa rojak, kufanizira ndi saladi wa zipatso zosakaniza. Akuluakulu a Dewan Bahasa dan Pustaka, bungwe losamala chinenero lomwe lidakhazikitsidwa mu 1956, sakondwera nazo, koma ndimo anthu amayankhulira.

Boma nalo lakhala likupita uku ndi uku. Polandira ufulu mu 1957, gawo 152 la malamulo aakulu lidaika Chimalay kukhala chinenero cha dziko. Zipolowe za mitundu za pa 13 Meyi 1969 zitachitika, sukulu zophunzitsa m'Chingerezi zidayamba kusinthidwa kuti ziziphunzitsa m'Chimalay kuyambira 1970, pomwe za pulayimale za Chitchaina ndi Chitamil zidatsala. Kenako Mahathir Mohamad, nduna yaikulu ya dzikolo nthawi imeneyo, mu 2003 adalamula kuti masamu ndi sayansi ziziphunzitsidwa m'Chingerezi. Ana akumudzi adavutika, aphunzitsi ambiri nawonso lilime limakana, ndipo mu 2009 boma lidalengeza kuti likuzisiya. Mu 2016 boma lidabwera ndi njira yoti sukulu izisankha yokha chinenero chophunzitsira maphunzirowa. Ine ndimaona kuti apa adangotula katundu pamutu pa makolo: wa mu tauni amasankha Chingerezi, wakumudzi alibe chosankha. Ife a ku Malawi, amene tikukanganabe za Chingerezi cha mu Sitandade 1, tisawaseke.

Choncho mwanayo apite, koma asakakhale bubu. Aphunzire manambala, "berapa?" pofunsa mtengo, ndi "terima kasih" pothokoza. Mafomu aboma ndi zikwangwani zambiri zili m'Chimalay, ndipo mwayi wake n'ngwakuti amalemba ndi zilembo zomwezi timagwiritsa ntchito ife. Akakafika ku Kelantan kapena Terengganu, zigawo zomwe anthu ake ambiri ndi Amalay, Chingerezi chija chidzamuthera panjira.