Masipika a mtengo wapatali: mmene timawasankhira ndi kuwaolotsa malire kufika nawo ku Lusaka

Alamu, mwafunsa ngati mpamba umene mwapeza pa malonda a zovala ku COMESA Market ku Lusaka mungauike pa masipika apamwamba omverera nyimbo m'nyumba, ndiponso kuti mwa mitundu imene mumaiona m'masitolo a ku Johannesburg muyambe kuoda uti. Funso lachiwirilo mulisiye kaye, chifukwa pa malonda amenewa sitiyamba ndi kugula. Zovala mumaoda zambiri n'kumadikira wogula, koma masipika a Bowers & Wilkins kapena Focal akangokhala miyezi ingapo osagulidwa, mpamba wonse umamangika pamalo amodzi, uku kwacha ikusinthasintha mphamvu pa dola ndi randi. Ine ndimanyamuka pokhapokha wogula atapereka gawo la ndalama, ndipo ndisanalandire ndalamazo ndimakaona chipinda chimene masipikawo adzaikidwemo.

Chipindacho ndicho chimasankha sipika kuposa dzina la kampani. Nyumba zambiri za ku Kabulonga, Woodlands ndi Ibex Hill, madera a mu Lusaka, zili ndi makoma a mabuloko opaka pulasitala, matailosi pansi ndi mawindo aakulu a magalasi, ndipo zonsezi zimabweza mawu. Ndikalowa ndimaima pamene pali mpando wa mwini nyumba n'kuomba m'manja kamodzi. Mawu akapitiriza kulira m'makona, ndimadziwa kuti sipika imene imatulutsa kwambiri mawu ang'onoang'ono okwera idzatopetsa makutu msanga, ngakhale itakhala ya mtengo wa galimoto. Pamenepo ndimamuuza mwini wake mosabisa kuti ayambe wagula kapeti yochindikala ndi makatani olemera. Ndimayang'ananso mpata wa kukhoma, popeza masipika ambiri ali ndi bowo lotulutsira besi kumbuyo, ndipo mukawakanikiza kukhoma besi imafufuma n'kukwirira mawu a woimba. Ogula ambiri amakopeka ndi masipika aatali oima okha pansi, koma m'chipinda chaching'ono sipika yaing'ono ya KEF LS50, imene inatuluka mu 2012 ndipo imakhala pa timiyendo take, imamveka bwino kuposa chimphona chimene chasowa malo opumira.

Kenaka ndimafunsa ampulifaya imene ali nayo, chipangizo chimene chimapatsa masipika mphamvu, ndipo apa pali manambala awiri amene simuyenera kuwalumpha pa pepala la sipika. Yoyamba imalembedwa mu dB, muyeso wa kukula kwa mawu, ndipo imasonyeza kukula kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa mphamvu yochepa. LS50 ili pa 85 dB, pamene Klipsch Heresy ya ku America ili pa 99 dB. Popeza kukweza mawu ndi 3 dB kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri, kusiyana kwa 14 dB kumeneku kukutanthauza kuti KEF imafuna mphamvu yochuluka pafupifupi ka 25 kuti ifike pamene Klipsch yafika. Nambala yachiwiri ndi ya ma ohm: sipika ya 4 ohm imakoka magetsi ambiri kuposa ya 8 ohm, ndipo ampulifaya yofooka imatentha kapena kuzima yokha. Wogula akapanda kukhutira sadzanena kuti ampulifaya yake ndi yaing'ono, adzanena kuti munamugulitsa katundu woipa, choncho kuwerengera kumeneku kumateteza dzina lanu.

Za kukoma kwa mawu, munthu aliyense ali ndi khutu lake. Wokonda rhumba ndi kalindula amafuna kuti gitala ya besi imveke chingwe chilichonse payokha, wokonda kwaya amafuna kusiyanitsa mawu a amayi ndi a abambo popanda kukanda m'khutu, ndipo kwa anthu oterewa ine ndimakonda Dynaudio ya ku Denmark kapena Sonus faber ya ku Italy. Amene angakwanitse ulendo ndimamulimbikitsa kuti akamvere yekha kusitolo, atatenga nyimbo zimene amazidziwa bwino.

Magetsi musawaiwale. Athu kuno ku Zambia ndi a 230 V, pamene a ku America ndi a 120 V, ndiye ampulifaya kapena sipika yokhala ndi ampulifaya yake m'kati muziyamba mwawerenga kumbuyo kwake musanalipire. Kuchokera pa chilala cha 2024, chimene chinatsitsa madzi ku Kariba n'kuchititsa kuti malaiti azizima maola ambiri, nyumba zochuluka zinaika mainveta, zipangizo zopereka magetsi ochokera m'mabatire, ndipo otsika mtengo ena amalowetsa phokoso long'ung'udza m'masipika. Wogula afunika inveta ya pure sine wave, mtundu umene umatulutsa magetsi osalala.

Tsopano za pa boda, pamene ambiri amatayirapo phindu. Ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, yothandiza amalonda ang'onoang'ono, imene imalola katundu wosapitirira madola 2,000 kudutsa ndi mapepala ochepa, ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a m'bungwelo amene ali pa mndandanda wogwirizana, choncho masipika a ku Ulaya kapena ku China sakhudzidwa nayo. Chimodzimodzinso kuchotseredwa msonkho kwa SADC, bungwe la maiko a kum'mwera kwa Africa, kumayang'ana kumene katundu anapangidwa, osati kumene mwamugula. Sipika yopangidwa ku France siisanduka ya ku South Africa chifukwa choti yagona m'sitolo ya ku Sandton ku Johannesburg. Vivid Audio yokha, imene imapangidwa kufupi ndi Durban ndipo anaikonza ndi Laurence Dickie, yemwe anakonzanso sipika yotchedwa Nautilus ya Bowers & Wilkins, ndiyo imene ndingakuuzeni kuti mufunse wogulitsa za chikalata chosonyeza kumene katundu anapangidwa.

Masipika amalowa pansi pa nambala 8518 m'buku la misonkho ya kasitomu. A ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia, amawerengera msonkho pa mtengo wogulira kuphatikizapo mayendedwe ndi inshuwalansi, kenaka VAT ya 16 peresenti imabwera pamwamba pa zonsezo ndi msonkho womwe. Tikatengera mlingo wa 25 peresenti umene katundu wambiri wopangidwa kale amalipira, K100 iliyonse imafika pa K125, VAT n'kuwonjezera K20, kukhala K145 musanalipire ejenti wokonza mapepala ndi wonyamula. Ejentiyo akuwerengereni mlingo wa chaka chimenecho musanamuuze wogula mtengo. Khalani ndi TPIN yanu, nambala yanu ya wokhoma msonkho, ndipo invoisi ikhale yeniyeni. Amene adzakunyengereni kuti mulembetse mtengo wochepa mumukane, chifukwa mitengo ya masipika amenewa ili poyera pa intaneti, ndipo katundu akagwidwa chindapusa chake chimadya phindu la maulendo ambiri. Invoisi yomweyo ndiyo imakuthandizani kupempha kubwezeredwa VAT ya 15 peresenti ya ku South Africa potuluka.

Kaya mudzere ku Beitbridge ndi Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, musalandire sipika yopanda katoni yake ndi zotchingira zake za m'kati. Pansi pa basi katundu amasanjikizana ndi masutikesi ndi matumba, ndipo kona imodzi ikaphwanyika mtengo wagwa kale. Ine ndimalipira malo apadera m'thiraki, ndimaimirira pomwepo pokweza, ndipo ndimajambula katoni iliyonse.

Masipika ogwiritsidwapo kale ntchito ali ndi phindu labwino, koma amafuna maso. Onani ngati manambala a kumbuyo kwa awiriwo akutsatana, yang'anani ngati kachipewa ka tweeter, kasipika kotulutsa mawu okwera, sikanabonyoke, ndipo kankhani pang'onopang'ono chimbale cha besi ndi zala zotambasula. Mukamva kukhulana m'kati, mwina waya wake anapsa. Chitsimikizo cha kampani kawirikawiri chimagwira ntchito kudzera mwa wogulitsa wa m'dziko limene munagula, ndiye musanalandire ndalama yoyamba mulemberane ndi wogula kuti chipangizo chikawonongeka adzalipira ulendo wobwerera ku Johannesburg ndani, ndipo aliyense asunge pepala lake.