Mafunso a Owerenga: Kujambula Filimu Yanthabwala ya Ovina

Makalata a mwezi uno tawapereka kwa ojambula mafilimu ndi ophunzitsa magule kuti ayankhe.

FUNSO: Ndife achinyamata asanu ndi mmodzi a ku Balaka. Tikupanga filimu yanthabwala ya mabwenzi a pa boma amene amalakalaka kukapambana mpikisano wovina ku Blantyre. Tikujambula ndi mafoni awiri, koma tikalumikiza zidutswa pa kompyuta, mapazi akuponda kwina, nyimbo ikulira kwina. Talakwitsa pati?

YANKHO: Musawakalipire ovinawo, vuto lagona pa nyimbo. Gule wa mu filimu amajambulidwa kangapo kuchokera mbali zosiyanasiyana, choncho nyimbo iyenera kukhala yomweyo, pa liwiro lomwelo, ulendo uliwonse. Woimba ng'oma sangabwereze liwiro limodzi kasanu: magazi akatentha amathamanga, akatopa amazirala. Tepani ng'omazo kaye tsiku lina, ndipo pojambula muziziika pa sipika.

Sipikayo ikhale pafupi ndi ovina. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye sipika ikakhala mamita 30 kutali, nyimbo imafika mochedwa ndi zithunzi ziwiri za kanema, ndipo diso la woonera limagwira zimenezi.

Gawani gule m'zigawo zowerenga mpaka 8. Nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi imatha chigawo chimodzi m'masekondi 4, kutanthauza kuti gule wa mphindi ziwiri ali ndi zigawo 30. Yambani ndi kujambula gule yense muli patali, mutu ndi mapazi zikuoneka, katatu kapena kuposa. Mukatero senderani pafupi, muzitenga zigawo zinayi zinayi: nkhope, ziuno, mapazi, ndi anthu oonerera. Makamera onse akayamba, munthu mmodzi aombe m'manja kamodzi poonekera, nyimbo isanayambe. Wolumikiza adzagwirizanitsa zidutswa pa kuomba kumeneko.

Palinso msampha wina. Mafoni ambiri amasinthasintha okha chiwerengero cha zithunzi pa sekondi, makamaka kukayamba mdima kapena foni ikatentha, ndipo mawu ndi chithunzi zimanka zisiyana pang'onopang'ono. Musanalumikize, dutsitsani zidutswazo mu pulogalamu yaulere ya HandBrake, muziike pa liwiro losasintha la zithunzi 25.

FUNSO: Tinajambula mpikisano wathu mu holo usiku, koma pa kanema pakudutsa mizere ndipo kuwala kukuphethira. Kodi foni yawonongeka? Wowerenga wa ku Mchinji.

YANKHO: Foni ili bwinobwino. Magetsi a kuno ndi a 50 Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo nyali zimaphethira motsatira liwiro limeneli), pomwe mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi, zoyenerana ndi mayiko a 60 Hz ngati America. Tcherani pa 25 kapena 50, ndipo shutter (nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa pa chithunzi chilichonse) ikhale pa 1/50 kapena 1/100 ya sekondi. Ngati kamera ya foni yanu sikulolani, ikani pulogalamu ina yojambulira imene imalola. Jenereta yaing'ono njovuta kwambiri chifukwa liwiro lake limakwera ndi kutsika. Apo ndi bwino kugwiritsa ntchito nyali za batire. Pamene mukufuna kudumpha kuoneke pang'onopang'ono, jambulani pa 50, mudzaonetse pa 25.

FUNSO: Anzanga onse ndi akatswiri ovina, koma nkhani ikufuna kuti poyamba azilephera moseketsa. Akayesa kulakwitsa dala, anthu saseka. Titani? Wowerenga wa ku Liwonde.

YANKHO: Saseka chifukwa akuona kuti ndi dala. Woonera amaseka munthu amene watsimikiza ndi mtima wonse kuti akuvina bwino pomwe zikumukanika. Wokwinya nkhope ndi kudzigwetsa pansi amangotopetsa. Ndiye kulakwitsako kuphunzitsidwe monga gule weniweni, ndipo aliyense akhale ndi vuto lakelake losasintha. Wina azichedwa ndi theka la kugunda, wina azitembenukira kumanzere anzake akapita kumanja, wina aziwerenga mokweza milomo ikuoneka. Zoterezi zijambulidwe patali, gulu lonse likuoneka, chifukwa wolakwitsa amaseketsa pokhapokha pambali pake pali wochita bwino. Mukamuyandikira yekha, nthabwala yafa.

Filimu ya ku Britain ya 1997, The Full Monty, yokamba za amuna asanu ndi mmodzi osowa ntchito a ku Sheffield, ili ndi chitsanzo chabwino: ali pamzere ku ofesi ya anthu osowa ntchito, nyimbo ikulira pa wailesi, matupi awo akuyamba kugwedezeka okha koma nkhope zili gwa. Palibe amene akuyesa kuseketsa.

Magule akuluakulu atatu ndi okwanira pa filimu ya mphindi 90: wolephereka, wapakati pomwe gulu lakangana, ndi womaliza. Zolakwa za poyamba zija zidzabwerenso mu womalizayo, koma zitasanduka mbali ya gule. Gule womalizayo mumupatse masiku awiri ojambula, ndipo oonerera muwajambule m'maola oyambirira, asanatope ndi kuyamba kuthawa.

FUNSO: Kodi tingaike nyimbo ya woimba wotchuka ngati titamutchula kumapeto kwa filimu? Wowerenga wa ku Dedza.

YANKHO: Kutchula dzina si chilolezo. Nyimbo imodzi imakhala ndi eni ake pawiri: amene anaipeka, ndi mwini wa tepi imene inajambulidwa ku situdiyo. Onsewo avomere polemba, ndipo kalatayo inene nyimbo yake, kutalika kwa gawo limene mutenge, ndi komwe filimu idzaonetsedwe. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso, lingakuthandizeni kudziwa eni ake. Chitani zimenezi musanajambule, chifukwa gule wovinidwa pa nyimbo ina sakwanira pa inzake, ndipo YouTube ikhoza kutseka kanemayo mwini nyimbo akadandaula. Chotchipa n'kugwirizana ndi woimba wa kwanuko kuti akupekereni nyimbo yatsopano ya liwiro limene ovina anu alizolowera. Musanaonetse filimuyo kwa anthu mu holo, ipititseni ku Censorship Board kuti akaione ndi kunena msinkhu wa oyenera kuionera.