Funsani Amalume: Bass ya alamu ku America ndi yomweyi ya ku Darwendale?

Amalume, ine ndimakhala ku Dzivarasekwa ndipo Loweruka lililonse mundipeza kudamu la Darwendale ndikuwedza bass. Alamu anga ali ku Massachusetts, anditumizira vidiyo pa WhatsApp ali chiimire m'madzi olekeza m'maondo akuzunguza chingwe m'malere ngati akukwapula ng'ombe za pangolo, mwadzidzidzi chinsomba chamizeremizere chotalika ngati mkono wanga. Akuti mu Juni ndipite tikawedze limodzi. Kodi ndi bass yomweyi? Ndodo yanga ndi nyongolotsi zapulasitiki zikagwira ntchito?
Mphwanu wa ku Dzivarasekwa

Mphwanga, dzina lokha ndi lomwe likufanana. Ya ku Darwendale ndi ku Chivero ija ndi largemouth bass, ya m'madzi opanda mchere, imakonda kubisala m'zitsa ndi m'udzu kudikira chakudya chiipeze. Ya alamu akoyo ndi striped bass, imakhala m'nyanja ya Atlantic, koma ikafuna kuswa imakwera mitsinje, makamaka ya ku Chesapeake Bay ndi Hudson. Ngati agogo ako anakuuzapo za mpasa momwe imachokera m'nyanja ya Malawi kukwera Bua kukaikira mazira, basi ndi khalidwe lomwelo. Striped bass ikamaliza kuswa imalowera kumpoto kutsatira chakudya, n'chifukwa chake alamu akuti Juni. Ndipo imakula zedi, ina inagwidwa ku Connecticut mu 2011 inalemera pafupifupi makilo 37, koma iwe usakayembekezere imeneyo kkkk.

Chomwe chikakusokoneze si nsomba ayi, ndi madzi. Ife a kuno tinazolowera damu, pomwe madzi anali m'mawa ndi pomwe alinso madzulo. Uko nyanja imadzaza n'kuphwa kawiri patsiku, maola pafupifupi 6 ikubwera, enanso 6 ikubwerera, ndiye pali malo amchenga otambalala ngati a ku Monomoy kufupi ndi Cape Cod, madzi akaphwa umayendapo ngati pabwalo la mpira koma akayamba kubwera nsombazi zimalowa nawo kudzasaka nkhanu, shrimp ndi tinsomba towonda totchedwa sand eel, ndipo nthawi yowedza ndi imeneyo, madzi akuyenda. Akaima, nazonso nthawi zambiri zimachita ulesi.

Kuwedza kwake n'kwa maso. Suponya chiponyeponye. Umavala magalasi a polarized, ochepetsa kunyezimira kwa madzi kuti uone pansi, dzuwa lili kumsana, n'kumayenda pang'onopang'ono ngati kakowa, ndipo kawirikawiri choyamba kuona si nsomba koma chithunzithunzi chake chikutsetsereka pamchenga woyera. Ukachiona uponye kutsogolo komwe ikulowera, nyambo imire kaye, kenako uzikoka chingwe ndi dzanja pang'onopang'ono. Ukaiponyera pamutu yapita, m'madzi osaya nsomba imakhala yamantha kwabasi. Ikaluma usakweze ndodo monga umachitira ku Darwendale, koka chingwe ndi dzanja mwamphamvu mbedza ilowe. Apa ndi pomwe dzanja lako lozolowera likakupusitse, ndikudziwa ine.

Ndodo yakoyo ikhoza kugwira striped bass, anthu ambiri amawedza choncho, koma pa zomwe akuchita alamuzo siilowa. Kuwedza kwawoko kumatchedwa fly fishing, ndipo cholemera ndi chingwe osati nyambo, ndicho chifukwa akuchizunguza m'malere. Pamafunika ndodo ya 8 kapena 9 weight (nambala yosonyeza kulemera kwa chingwe chomwe imaponya), ndi kabasiketi komanga m'chiuno koti chingwe chizigweramo chisakodwe m'miyendo. Nyambo zake ndi nthenga ndi ubweya zomangidwa pambedza, zotchuka ndi Clouser Minnow ndi Lefty's Deceiver. Usagule kalikonse, ukabwereke kwa alamu, iwo ndi omwe akuitana.

Koma kuponyako phunzirira konkuno. Pempha mnzako amene amapita ku Nyanga kukawedza trout akubwereke ndodo, upite pagiraundi madzulo, kumapeto kwa chingwe umange kaulusi m'malo mwa mbedza, uike mbale patali uziyesa kuponyamo. Ana akuseka, asiye. Usankhenso masiku amphepo chifukwa kunyanja mphepo siipuma.

Ukafika usaiwale pemiti, ku Massachusetts kuwedza m'nyanja kumafuna chilolezo, ndipo kuyambira 2023 yotengera kunyumba imayenera kukhala pakati pa mainchesi 28 ndi 31, imodzi patsiku, zina zonse kubweza, alamu aonenso ngati sanasinthe chaka chino. Mtima wa ndiwo udzawawa ndithu. China, madzi akamabwera amayamba kudzaza m'makwawa akumbuyo kwako iwe maso ali pansomba, nkhungu nayo imagwa mosachenjeza, ndiye uzikadziwa ola lomwe madzi akubwera usanalowe ndipo alamu akati tiyeni tituluke, usakati imodzi yokha.
Amalume