Msuweni, Moana 2 sanakulakwire kanthu

Eee, msuweni. Mkazi wanga amene unandikana. Funso lako ndaliona m'mawa muja, koma ndinali m'minibasi ya ku Area 25, mayi wina atandisenzetsa thumba la mbatata pamiyendo, foni sindikanatha kuigwira. Pano ndakhala pansi. Enanu m'gulu muno, ngati bandulo yanu ili kumapeto musatsegule, uthengawu utalika.

Ndiye wafunsa kuti n'chifukwa chiyani makampani a makatuni amachotsa dayirekita filimu isanathe, ndiponso gawo lachiwiri n'kupatsa munthu wina. Kumapeto wakolowekapo kafunso kena, koti nanga woyambitsa uja amamva bwanji. Wati wafunsa chifukwa ana anaonera Moana 2 Loweruka. Ana. Ehee. Iwe amene umaliza mkonono filimu isanafike pakati, lero wagwidwa chifundo ndi dayirekita wa ku America? Chabwino. Tiyambe ndi zimene wafunsazo.

Pa Moana palibe amene anathamangitsidwa. Yoyamba ija ya 2016 anapanga madala awiri, Ron Clements ndi John Musker, omwe aja anapanga Aladdin. Musker anapuma ntchito mu 2018. Yachiwiriyi poyamba inali yoti izituluka pang'onopang'ono pa Disney+, kenako kumayambiriro kwa 2024 mabwana anati ayi, isokeni pamodzi ikhale filimu imodzi, ndipo Novembala chaka chomwecho inatuluka, madayirekita atatu. Ndiye ngati unaona nkhani yake ikudumphadumpha ngati chitenje cha zigamba, kwa ine chifukwa chake n'chimenecho. Komabe inapha ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Inside Out 2, chaka chomwecho, inadutsa 1.6 biliyoni, pomwe amene anapanga yoyamba, Pete Docter, anali atakwezedwa kukhala bwana woyang'anira mafilimu onse ku Pixar, kampani ya makatuni ija, filimu n'kupatsa Kelsey Mann. Ndalama zotere zikamalowa palibe kampani imadikira kuti mwini nkhani apeze nthawi.

Kuchotsedwa kwenikweni n'kwina. Ija ya khoswe wophika, Ratatouille, anaiyamba Jan Pinkava, mu 2005 anamulanda n'kupatsa Brad Bird. The Good Dinosaur anamulanda Bob Peterson mu 2013. Chifukwa chake, mmm, filimu imodzi imatenga zaka zinayi kapena zisanu. Miyezi ingapo iliyonse amasonkhanitsa zojambula zapamanja, zosamaliza, n'kuzionetsa kwa gulu la akuluakulu lomwe ku Pixar amalitcha Braintrust. Akaona kuti nkhani siikuyenda, tsiku lotulutsa layandikira, anthu mazanamazana akudikira ntchito ndipo akulipidwa, basi amasintha woyendetsa. Filimuyo mwini wake ndi kampani, ngakhale nkhaniyo unaibereka iwe. Ndipo sikuti akasintha zimayenda nthawi zonse ayi. Elio ya 2025 inachoka m'manja mwa Adrian Molina n'kupita kwa azimayi awiri, Domee Shi ndi Madeline Sharafian, koma masiku ake atatu oyamba ku America inangopeza madola pafupifupi 21 miliyoni. M'mbiri ya Pixar munalibe filimu inayamba moipa chonchi.

Dikira, wina akugogoda... ayi, ndi mwana wa aneba akufuna machesi. Ndinali pati? Eya.

Iwe, ukuwakumbukira amalume a jenereta? Unali wamng'ono, mwina umangokumbukira maswiti. Amayi aakulu, ndikudziwa mukumvetsera, musanditukwane, ndinena ndithu. Vidiyo sho ija ya pa Mitundu, kuseri kwa msika, m'nyumba ya alamu awo ija, chitseko cha malata, mabenchi a mbaula... ayi, si mbaula, ndikutanthauza matabwa aja ankachita kuika pa njerwa. Deki ndi jenereta zinali zawo, TV ndi nyumba za alamu awo. Chikwangwani panja chinali ndi dzina la amalume, analemba okha ndi penti wofiira wotsala pa ngolo ija.

Nthawi imeneyo za mafilimu omasulira m'Chichewa zinali zisanafale. Amalume ankaima okha pambali pa TV, kandodo m'manja, n'kumafotokozera anthu zimene azungu akunena. Chizungu chawo cha sitandade 6 chija. Theka ankamva, theka ankapeka, koma anthu ankadzaza. Loweruka m'mawa inali ya ana, ndipo kaseti ya The Lion King inaonetsedwa mpaka inayamba mizeremizere. Ine ndinkalowa ulere bola ndisese.

Ndiye pali mkango woipa uja, wa chipsera kumaso. Ana akangoti malume woipa, iwo ankaimitsa kaseti. Kuimitsa ndithu, anthu alipira! Ati ameneyu si malume, ndi bambo aang'ono, musanyoze amalume. Akatero ayamba mlandu: ati kwathu kuno ufumu supita kwa mwana wa mfumu, umapita kwa mphwake kapena mwana wa mlongo wake, ndiye mkango wa chipserawu uli ndi mfundo, kungoti njira yake ndiyo inali yoipa. Ana kukuwa kuti tiyeni nazo, iwo ali pakati pa chiweruzo. Sabata iliyonse malo omwewo.

Tsono chaka chija anatenga fodya kupita naye ku okushoni ku Kanengo, kuja anakakhala masabata atatu, mukudziwa zimene zinachitika ndi mabelo aja, sindibwereza. Sho anasiyira mnyamata wa pakhomo uja, wotolera ndalama, wamtali wa mpata m'mano. Ali konko, kaseti ya gawo lachiwiri la mikango inafika kuchokera m'tauni. Imeneyo Disney sanaitulutse n'komwe m'nyumba za kanema, inangopita pa kaseti mu 1998. Mnyamata uja anaima pomwe ankaima amalume. Iii! Mwanayo anali ndi pakamwa. Mkango uliwonse mawu akeake, wina ankayankhula Chiyao, njiri ija anaisandutsa kondakitala. Ndipo sankaimitsa kaseti. Anthu anayamba kuonera pazenera.

Amalume pobwera, ndalama za fodya zosakwana, nkhope ili gwaa, anapeza mzere pakhomo. Usiku alamu awo anawakhazika pansi mwaulemu, ati achimwene, mnyamatayu apitirize kufotokoza, inu muziyang'anira makina ndi ndalama, magawo athu akhale momwemo. Taona, palibe chimene ankawalanda kupatula kandodo kaja. Amalume anati ine ndizithira mafuta pamene mwana wa dzulo akulankhula? M'mawa mwake anabwereka wilibala, jenereta m'mwemo, deki pamutu pa ine. Ine ndemwe ndinasenza, khosi likundiwawabe. Atafika panja anabwerera, n'kuwauza alamu awo kuti dzina langa mulifafanize pachikwangwanipo lero lomwe. Alamu awo anakana masiku awiri. Iwo anakatenga penti okha.

Ankaganiza kuti sho ifa. Patangotha sabata imodzi alamu awo anapeza jenereta ina yobwereka, deki anagula yakale, mikango inapitiriza kubangula. Ndiye chimene chimandiseketsa mpaka lero: amalume anayamba kukhala pa tiyirumu ya tsidya la msewu, nthawi yeniyeni ya sho, atafulatira, kapu imodzi ya tiyi maola awiri. Ati ndimakonda mphepo ya pano. Koma mnyamata uja akaphonya mawu, amalume ali chifulatirire, umangomva akuti wanama, sanatero ameneyo. Ankamvetsera zonse! Chaka chathunthu. Kulowa ayi. Mnyamatayo anapitako kawiri kukawapepesa pa mlandu womwe sanapalamule, iwo n'kumuuza kuti sindikukudziwa.

Lero ukafunsa anthu a msinkhu wanga pa Mitundu kuti vidiyo sho ija anayambitsa ndani, akutchulira mnyamata uja. Iyeyo pamaliro paja anabwera, bambo wamkulu wa imvi, ananyamula nawo bokosi, ndipo anandiuza kumanda kuti zonse anaphunzira ataima pakhomo kumvetsera amalume. Eni ake sanazimve zimenezo. Jenereta ija ikadali kuseri kwa nyumba ya agogo, nkhuku zimaikiramo mazira.

Aaa, ndasochera. Ayi, sindinasochere kwenikweni. Mu The Lion King momwemo, amene ankatsogolera gulu lokonza nkhani anali mayi wina, Brenda Chapman. Pambuyo pake anali m'modzi wa madayirekita a The Prince of Egypt, ija ya Mose timaonera pa Isitala. Ndiye anapita ku Pixar, mzimayi woyamba kupatsidwa filimu kumeneko, ndipo nkhani anabwera nayo yekha, ya iye ndi mwana wake wamkazi, kukangana kwawo kwa tsiku ndi tsiku. Ndi Brave imeneyo, mtsikana wa tsitsi lofiira ndi uta. Mu 2010 anamulanda n'kupatsa Mark Andrews. Wafunsa kuti amamva bwanji? Iyeyu sanabise, analemba mu New York Times kuti zinamusweratu mtima, ndipo ku Pixar anachokako. Koma dzina lake linakhalabe pa filimuyo ngati dayirekita. Mu 2013 Brave itapata Oscar, anakwera pa nsanja pamodzi ndi munthu amene anamulowa m'malo uja, bamboyo atavala siketi ya ku Scotland, iye n'kuthokoza mwana wake pamaso pa dziko lonse. Anali mzimayi woyamba kulandira mphoto imeneyo ya makatuni.

Msuweni, za sewero ndamva.

Usafunse anandiuza ndani, banja lino lilibe chitseko. Ndamva kuti sewero la Khirisimasi lija unalemba wekha, lomwe wakhala ukuphunzitsa achinyamata kuyambira Ogasiti, akomiti apatsa wina kuti amalize, ati nthawi yatha ndipo iwe umachedwa ku ntchito. Ndamvanso kuti wawauza kuti dzina lako lisatchulidwe ndipo tsikulo ukapemphera kwina. Zimenezo ndiye ayi. Kukwiya kwiya, uli ndi chifukwa, ndipo mmene anakuuzira, pamaso pa ana, n'kulakwa, ukawauze maso ndi maso. Koma dzina usachotse, ndipo tsikulo upite. Sewerolo unalemba ndiwe.

Ndikudziwa uyankha kuti asinthamo zinthu, achotsa gawo la abusa a nkhosa lomwe umalikonda. Mwina aliwononga, mwina alikonza, sindinalione. Nawenso, tinene zoona, sewero la maola awiri ndi theka, msuweni? Ngakhale Herode angagone. Ndiwe mwana wa mlongo wawo wa amalume ndithu, umaimitsa kaseti. Ndikuseka, usandibuloke.

Ndipo zinthuzi zimazungulira. Chris Sanders, uja anapanga Lilo & Stitch, ku Disney anamulanda filimu yake ya galu mu 2006, ena anaimaliza n'kukhala Bolt. Anapita ku kampani ina, DreamWorks, ndipo kumeneko iye ndi mnzake Dean DeBlois ndi amene anapatsidwa How to Train Your Dragon atachotsa dayirekita wina. Lero walandidwa, mawa ndiwe wolandira za mnzako. Iwenso kwaya ya ana ija unailandira m'manja mwa ndani? Ehee. Sindikutchula. Mayi uja anabwera tsiku loyamba kudzakumverani, anakhala kutsogolo, ukukumbukira?

Ndiye ndikubwereza, chifukwa ndimakudziwa umamvetsera mauthenga uku ukukazinga anyezi. Ukawauze akomiti kuti polengeza anene kuti lolemba ndiwe, lomaliza kuphunzitsa ndi uyo, mayina onse awiri. Usakatenge penti wekha. Ngati m'tchalitchi simukhalika, lowa nthawi ya sewero yokha, likatha utuluke, palibe angakugwire.

Amayi aakulu, inu mumakhala pafupi, tsikulo mudzamudzere. Akadzanena kuti mutu ukuwawa mudzamupatse panado, mudzamukweze pa kabaza. Ine ndidzabwera ndi basi ya m'mawa, ndipo msuweni, ndikadzakupeza wakhala pa golosale ya tsidya la tchalitchi utafulatira, fanta m'manja, ndidzakujambula n'kuponya m'gulu muno. Upite, dzina likhalepo, wamva?

Foni yatsala 4 peresenti. Ana uwaonetse Brave, ndi yabwino kuposa Moana 2, koma wamng'onoyo adzaopa chimbalangondo, udzakhale naye pafupi. Ndipo amene ali kumudzi sabata ino aone ngati jenereta ija ingadzukenso, magetsi kuno azima kuyambira 6 koloko.