Kunyanja, kuphiri kapena kukaona njovu? Yankho kwa mayi a ku Lilongwe

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena a ku Lilongwe, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pompano poti alipo ambiri amene mutu ukuwazungulira ndi nkhani yomweyi. Akuti iwo ndi bambo akunyumba apatsidwa tchuthi cha masiku asanu mu Ogasiti, ana atatsekera sukulu. Ana alipo atatu: wazaka 14, wazaka 9 ndi chitsirizira wazaka 4. Akutenganso apongozi awo aakazi, amene maondo amawavuta. Ana akulirira nyanja, bambo akufuna kukwera Mulanje mpaka pa Sapitwa, mayiwo akufuna kuona njovu ndi maso, ndiye mnzawo wina wakuntchito wawauza kuti amene sanafike ku Nyika sanayende. Galimoto yawo ndi kaSienta. Funso lawo ndi lakuti: “Kodi tingazikwanitse zonsezi?”

Mayi, ayi, simungazikwanitse. Mukayesa, chimene ana adzakumbukire ndi kumbuyo kwa mpando wa bambo awo basi. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Dziko lathu pamapu limaoneka laling'ono, koma ndi lalitali ngati chinangwa, ndipo misewu yathu mukuidziwa. Nyika ili kumpoto kupitirira Rumphi, Mulanje ili kumwera kumalire ndi Mozambique. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Chelinda pamwamba pa Nyika ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo chigawo chomaliza ndi msewu wafumbi wofuna galimoto yokwera, osati kaSienta kodzaza anthu asanu ndi mmodzi ndi zikwama. Mu Ogasiti kumenekonso kumazizira koti agogo sangakuthokozeni. Nyika isiyeni, idzakhale ulendo wakewake.

Za Sapitwa ndilankhule ndi bambo mwachindunji, poti ndikudziwa kuti awerenga nawo. Bambo, nsonga imeneija ndi yotalika mamita 3,002, ndipo sapitako m'mawa n'kubwerako madzulo. Anthu ambiri amatenga masiku atatu: kukwera kuchokera ku Likhubula, kugona m'kanyumba ka pa Chisepo, kulawirira kunsonga, kenaka kutsika. Pamafunika wolondolera njira wodziwa phirilo, chifukwa chifunga cha chiperoni chikatsika munthu suona ngakhale mwala uli patsogolo pako. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anamusiya womulondolera n'kupitiriza yekha, ndipo anapezeka atamwalira patapita masiku ambiri. Ndiye pa masiku asanu a banja mutengepo atatu a inu nokha, mayi atsale pansi ndi ana komanso amayi anu? Limenelo si tchuthi cha banja. Dzapiteni padera ndi mwana wamkuluyo, adzakuyamikani moyo wake wonse.

Ndikanakhala ine ndikanachita chonchi: masiku awiri kugona kunyanja, masiku awiri kugona ku Liwonde, phiri n'kulilawa kuchokera ku Liwondeko. Kulongedza katundu kawiri kokha. Amene anayendapo ndi mwana wazaka zinayi akudziwa kuti kulongedza ndiye nkhondo yeniyeni.

Nyanja yake iti? Anthu a ku Lilongwe tinazolowera kuthamangira ku Senga Bay poti ndi pafupi, maola awiri wafika. Koma Ogasiti ndi nyengo ya mwera, mphepo ija yochokera kumwera chakuvuma imene imaomba kuyambira cha mu Meyi. Ine inandiphunzitsa chaka china mu Julayi. Tinafika ku Salima ana atavala kale zosambira m'galimoto, koma tinapeza mafunde akumenya gombe ngati akwiya ndi munthu, mchenga ukulowa m'maso ndi m'mbale ya chipisi. Masiku awiri tinangokhala pakhonde titafunda zitenje. N'chifukwa chake kwa inu ndikuti Cape Maclear, pamudzi wa Chembe. Gombe lakumeneko linayang'ana chakumpoto ndi kuzambwe, ndipo mapiri ali kumbuyo kwake amatchinga mwera, kotero masiku ambiri madzi amakhala odekha pamene kwina kukuwinduka. Dzuwa limakalowanso m'madzi inu mukuona, zimene ku Salima simungazione.

Nyamukani m'mamawa, mudzere ku Dedza, mukhotere pa Masasa n'kutsika msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Msewuwo ndi wokhotakhota ndiponso wotsetsereka kwambiri, choncho bambo atsike ndi giya yaing'ono, asamangoponda mabuleki mpaka kununkha. Ana amene amachita nseru m'galimoto musawadyetse mandasi ku Dedza, ndanena ndanena. Mukafika kunsi, ngati nthawi ilipo, Mua ili pafupi. Mishoni imeneija inayamba mu 1902, ndipo pamalo a zachikhalidwe a Kungoni pali zigoba za gule wamkulu zochuluka zedi pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Wazaka 14 uja akaona ndi maso zimene amangoloweza m'kalasi. Wamng'onoyo mwina akalira ndi mantha, mukamugwire dzanja.

Musanafike pa Monkey Bay mukhotera kumanzere, makilomita 18 kudutsa m'mapiri momwe anyani amakhala pamsewu ngati ndi wawo. Apa mwalowa m'dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Chifukwa chake si njovu kapena mikango, koma tinsomba tating'ono totchedwa mbuna, tamitundu yowala, tobiriwira, tachikasu, tamizeremizere, timene timakhala m'miyala ndipo mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Mukagwirizane ndi anyamata a maboti akutengereni kuchilumba cha Thumbi. Mwana akangoviika nkhope m'madzi atavala galasi losambirira, mbuna zimamuzungulira ngati nkhuku zaona madeya. Pobwerera anyamatawo amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kuchokera mumtengo kudzaiwakha inu mukuona. Mtengo wa boti mugwirizane musanakwere, ndipo munenetse ngati chakudya chilimo kapena ayi. Boti lopanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense, kuphatikizapo laling'ono la mwana, musakwere, ngakhale akuchotsereni mtengo.

Agogo sadzasowa chochita. Kumapeto kwa mudzi, polowera ku Otter Point, kuli manda a amishoni a ku Scotland amene anafika mu 1875 n'kuyambitsa Livingstonia yoyamba, malungo asanawathamangitsire ku Bandawe mu 1881 kenaka ku Khondowe mu 1894. Ngati ndi a CCAP, pamenepo mukawachotsa movutikira. M'mawa akhoza kukhala pamthunzi n'kumaonerera asodzi akubwera ndi usipa wa usiku, amayi akuuyanika pamathandala.

Pali zinthu ziwiri zimene eni malo ogona sakonda kuzitchula. Choyamba ndi likodzo. Lilipo, makamaka m'madzi osaya a kutsogolo kwa mudzi ndi pamene pali bango, poti mpamene pamakhala nkhono zofalitsa tizilombo take. Kumiyala ya kuchilumba chiopsezo n'chochepa, koma sichitheratu. Si chifukwa choletsera ana kusamba. Mukabwerera, pakatha miyezi iwiri, pitani nonse kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amapereka molingana ndi kulemera kwa munthu, choncho musangogula n'kugawana pakhomo. Chachiwiri ndi malungo: funsani ngati mabedi onse ali ndi neti, ndipo yanu imodzi muiponye m'chikwama. Za mwana wamng'onoyo, pakhale munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kumuyang'ana basi, foni ili m'thumba. Ana amamira pamene akuluakulu ali ambiri, aliyense akuyesa kuti mnzake akuona.

Pa malo ogona, imbani foni ndipo muwapemphe chithunzi cha gombe chojambulidwa tsiku lomwelo pa WhatsApp. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri n'kumiza magombe ndi zipinda m'malo ambiri a ku Mangochi, koma zithunzi za pa Facebook zinatsala zakale. Ine malo ena anandilandirapo ndalama ya chipinda “choyang'ana kunyanja”, kufika n'kupeza chikuyang'ana thanki ya madzi. Sankhani malo olola kuphika nokha. Mukatenga mpunga, ufa, mafuta, tomato ndi mbaula kuchokera kunyumba, n'kumagula chambo kapena kampango kwa asodzi, ndalama ya chakudya cha anthu asanu ndi mmodzi imatsika kwambiri, ndipo agogo adya nsima yeniyeni osati ya kuhotela ija yonga phala.

Tsiku lachitatu lowerani ku Liwonde kudzera ku Mangochi. Imani pang'ono pa boma pafupi ndi mlatho, pamene pali nsanja ya wotchi, mfuti ya sitima ya Guendolen ya nkhondo ya 1914, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Mphindi makumi awiri zakwana.

Liwonde ndiye mphoto yanu, mayi, ndipo Ogasiti ndi nthawi yake. Udzu wauma, madambo aphwa, nyama zonse zimatsikira ku Shire kukamwa. Pakiyi inali itatha ndi misampha mpaka bungwe la African Parks litayamba kuiyendetsa mu 2015. Njovu zinachuluka moti mu 2016 ndi 2017 anasamutsa pafupifupi 500 kuchokera kuno ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mikango anaibwezeretsa mu 2018. Mkango ndi chipembere musawalonjeze ana, zimenezo n'zamwayi. Koma njovu, mvuu, ng'ona, njiri ndi nswala mudzaziona ndithu. Ngati ndalama ikulola chinthu chimodzi chokha, sankhani boti la pamtsinje, makamaka la madzulo. Agogo akhala pansi osayenda, njovu zikumwa chapafupi, mvuu zikufwenthera mbali zonse. Funsiranitu ngati amalola mwana wazaka zinayi, poti ena ali ndi malire a zaka. Pachipata Amalawi timalipira ndalama yochepa kuposa alendo akunja, ndiye musaiwale ziphaso zaunzika. Mukalowa ndi galimoto yanu musatsike, ndipo njovu ikaima pamsewu muidikire, hutala ayi. Malo ogona a m'kati mwa paki ndi odula. M'tauni ya Liwonde ndi chakuchipata chakumwera muli otsikirapo.

Phiri la bambo lija ndi tsiku lachinayi. Zomba ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Liwonde, ndipo ubwino wa phiri la Zomba ndi woti galimoto imakwera pa tala mpaka Ku Chawe. Agogo ndi wamng'ono akhale padamu la Mulunguzi akudya masitiroberi ogula m'njira, mutawatsuka kaye, pamene bambo ndi akuluakulu awiriwo akuyenda wapansi kupita ku mathithi a Williams, kapena ngati miyendo ilipo, mpaka pa Emperor's View pamene anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Kukakhala kopanda nkhungu, Mulanje amaonekera patali, bambo akamuloze n'kumuuza kuti chaka chamawa. Tengani majuzi, kumtundako kumazizira ngakhale ku Liwonde mwachoka mukutuluka thukuta.

Mafuta thirani paliponse pamene mwawapeza, musadikire kuti thanki ifike theka, ndipo khalani ndi ndalama ina m'manja chifukwa netiweki ya Mpamba ndi Airtel Money imathawa nthawi yolakwika. Pobwerera tsiku lachisanu mudzera ku Balaka ndi Ntcheu. M'buti musiyemo malo, chifukwa pa Lizulu apongozi anu sadzalola kudutsa osagula mbatatesi ndi kabichi, ndipo thumba limenelo likapanda malo lidzakhala pamiyendo panu mpaka ku Lilongwe.